Ndalama za TV zapha chisuweni cha mpira ku America

Abale anzanga, lero tisiyeko pang'ono nkhani za kuno kwathu, tiwoloke nyanja tikaone zomwe zikuchitika ku America. Kumeneko kuli mpira umene eni ake amati football, ngakhale kuti mwendo umaukhudza mwa apo ndi apo. Ndi uja wooneka ngati dzira, wosewera anyamata ovala zisoti ndi mapewa otukumuka, ena a inu mumauona pa ESPN usiku wa Loweruka. Musaganize kuti otchuka ndi matimu a akatswiri olipidwa okha ayi. M'zigawo zambiri mitima ya anthu ili pa matimu a mayunivesite. Bwalo la yunivesite ya Michigan lokha limalowa anthu oposa 107,000.

Mayunivesitewa amasewera m'magulu omwe iwo amati conference, ife tingoti ligi. Kale ligi inali ya anansi. A m'mbali mwa nyanja ya Pacific anali ndi yawo, yomwe mizu yake inayamba mu 1915 ndipo pomaliza inkatchedwa Pac-12. A kum'mwera chakum'mawa ali ndi SEC, a kumpoto chapakati Big Ten, a pakati pa dziko Big 12, a m'mbali mwa Atlantic ACC. Nthawi zambiri sapota ankangolizitsa galimoto m'mawa, kukachemerera timu yake koyenda, n'kudzagona kwake.

Zimenezo zinapita. Mu Julayi 2021 mayunivesite a Texas ndi Oklahoma analengeza kuti akutuluka mu Big 12 kupita ku SEC. Mu Juni 2022, USC ndi UCLA, onse a mumzinda wa Los Angeles, anati nawo akupita ku Big Ten. Chaka cha 2023 ndiye zinafika posauzana. Colorado inatsanzika mu Julayi, ndipo pa 4 Ogasiti, tsiku limodzi lokha, Oregon ndi Washington analowera ku Big Ten pamene Arizona, Arizona State ndi Utah anathawira ku Big 12. Mwezi wotsatira Stanford ndi California anakapempha malo ku ACC. Ligi ya zaka zoposa 100 inagumuka ngati nyumba ya zidina pa mvula ya Januwale. Mwa matimu 12 anatsala awiri, Oregon State ndi Washington State, kumangoyang'anana ngati ana amasiye pa bwalo.

Ndiye taonani zoseketsa. Ligi yotchedwa Big Ten, kutanthauza khumi, inafika pa matimu 18 mu 2024. Big 12 inafika pa 16. Ligi ya ku Atlantic muli sukulu ziwiri zomwe ophunzira ake akatsegula zenera amaona dzuwa likulowa cha ku Pacific. Amenewatu ndi anthu a ukachenjede, koma samu ndi mapu zawakanika.

Kodi chinawalowa n'chiyani? Ndalama basi. Nkhaniyi inayambira kukhoti. Mpaka 1984 bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji la NCAA ndilo linkagulitsa magemu onse ku makampani a TV. Mayunivesite a Oklahoma ndi Georgia anakasuma, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linawagamulira iwo. Kuyambira pamenepo sukulu ndi ligi zinayamba kudzigulitsira zokha, ndiye ligi yokhala ndi matimu okopa maso a anthu ambiri ndiyo imadya zonona. Mu 2022 Big Ten inasainirana ndi Fox, CBS ndi NBC mgwirizano wa zaka 7 wa madola oposa 7 biliyoni. Pac-12 itapita pa msika womwewo inapeza ogula akunyinyirika, ndipo mamembala ake, poona kuti nkhokwe yabooka, aliyense anayamba kumanga katundu wake. SMU ya ku Dallas inafika povomera kulowa mu ACC osalandirako ndalama za TV kwa zaka 9, bola ikhale nawo pa mphasa ya akuluakulu. Tinene mosapsatira, amene akujambula mapu a mpirawu masiku ano ndi eni makanema. Akuluakulu a sukulu amangosaina.

Chimene chikundiwawa ine n'chisuweni chomwe chafera pamenepa. Mukudziwa m'mene msuweni amakhalira: mumatukwanizana, mumalandana nsima, koma tsiku limene sabwera pakhomo pamazizira. Mpira wa m'makoleji unakula chifukwa cha zisuweni zotere. Banja limodzi, bambo anaphunzira apa, mayi anaphunzira apo, ana agawikana, ndipo gemu imodzi ya mu Novembala ndiyo imagamula amene aziyenda chowerama mu ofesi ndi kutchalitchi kwa chaka chathunthu.

Tengani Oklahoma ndi Oklahoma State. Gemu yawo, yomwe amaitcha Bedlam, inayamba mu 1904, chigawo cha Oklahoma chisanalandiridwe n'komwe ngati chigawo chokwanira cha dzikolo. Anakumana ka 118. Mu Novembala 2023 anasewera komaliza monga a ligi imodzi, Oklahoma State n'kupambana 27-24 pakwawo ku Stillwater, masapota n'kukhamukira m'bwalo. Ena amati palibe chotayika poti Oklahoma inkangomukwapula mnzakeyo, inapambana ka 91. Koma abale, amene akunena zimenezi sanakhalepo wochemerera timu yaing'ono. Munthu amadikira zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri, kudikira tsiku limodzi loti amutseke pakamwa msuweni wake wonyada uja. Tsiku limenelo ndilo amafotokozera adzukulu. Mukamulanda limenelo n'kumupatsa gemu ndi timu ya ku Florida yomwe sadziwako ngakhale munthu mmodzi, mwamusiyira chiyani?

Texas ndi Texas A&M anayamba kuswana mu 1894. A&M itasamukira ku SEC mu 2012 gemuyo inaima, aliyense n'kumati wolakwa ndi mnzake, mpaka aphungu ena a nyumba ya malamulo ya chigawocho anayesa kubweretsa bilu yowakakamiza kusewera, koma sizinaphule kanthu. Mwana wobadwa chaka chomwe anasiyanacho anafika zaka 12 asanaonepo gemu imene agogo ake ankaikamba tsiku lililonse. Kansas ndi Missouri, omwe anayamba mu 1891, anasiyana itatha 2011 ndipo anadzakumananso mu 2025. Pittsburgh ndi West Virginia, sukulu zotalikirana ulendo wa ola limodzi ndi theka pa galimoto, anakhala osaonana pa bwalo kuyambira 2012 mpaka 2021. Nebraska ndi Oklahoma, omwe gemu yawo ya 1971 anthu amaitchulabe kuti gemu ya zaka 100, tsopano amakumana mwa kamodzikamodzi ngati abale okumana pa maliro.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo sindizikana zonse. Amati kusamukaku kwabwezanso zisuweni zina. N'zoona, Texas ndi A&M anakumananso pa 30 Novembala 2024 chifukwa onse ali mu SEC, Texas n'kupambana 17-7. Utah ndi BYU nawo anapezekanso mu ligi imodzi. Amatinso woonera pa TV akudyerera, poti magemu ngati uja wa Oregon ndi Ohio State mu Okotobala 2024, wothera 32-31, kale ankachitika mwa mwayi. Eee, ndi choncho. Koma Texas sinapite ku SEC chifukwa chomusowa msuweni wake, inatsata thumba, ndipo thumba likadzasuntha idzamusiyanso. Ndiponso amene akudyererayo ndi wokhala pa sofa kutali, pamene wolira ndi uja amagula tikiti chaka ndi chaka, amene msonkho wake unamanga sukuluyo.

Tsono tibwere ku nkhani ya kusaka osewera, poti apa ndiye pagona tsogolo la ana a eni. Ku America kochi amayenda yekha kukagogoda pakhomo pa mnyamata wa zaka 17 amene akusewera bwino ku sekondale. Amakhala pa mpando, kumwa khofi ndi makolo, n'kumalonjeza. Kale lonjezo lalikulu linali lakuti mwana wanu aphunzira ulere ndipo muzidzamuonera pafupi. Anyamata aluso ambiri amachokera m'zigawo zochepa, makamaka Texas, Florida, Georgia ndi California, kotero ligi imene imasewera m'zigawo zimenezi ili ndi khomo lolowera.

Nebraska ndiyo ingakuuzeni bwino. Chigawo chake chili ndi anthu ochepa, minda ya chimanga yokhayokha, choncho idali kudalira ana a kwina. Ili mu Big 12 inkapita kukasewera ku Texas kawirikawiri, ndipo kochi ankatha kuuza mayi wa ku Houston kapena ku Dallas kuti mwana wanu azibwera kudzasewera kuno kwanu. Mu 2011 inalowa Big Ten, ndalama zinachuluka, koma lonjezo lija linatha mphamvu. Timu imene inatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1994, 1995 ndi 1997 inamaliza nyengo zisanu ndi ziwiri zotsatizana, 2017 mpaka 2023, yagonja magemu ochuluka kuposa omwe yapambana. Pali zifukwa zinanso, monga kusinthasintha makochi, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kumbali ina, A&M italowa SEC inatsegulira zipata Alabama, LSU ndi anzawo kuti azikolola momasuka m'munda wa Texas. Chimodzimodzinso Ohio State ndi Michigan, tsopano angathe kuuza mnyamata wa ku Los Angeles kuti ligi yathu imafika kwanuko.

Pamwamba pa izi malamulo anasintha. Kuyambira Julayi 2021 wosewera wa ku koleji amaloledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope yake. Kusamuka sukulu, komwe kale kunkamukhazika munthu pa benchi chaka chathunthu, kunapepuka. Mu Juni 2025 khoti linavomereza mgwirizano wolola sukulu iliyonse kugawira osewera ake madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Ine sinditsutsa kuti anyamatawa azilipidwa. Amathyoka mawondo ndi kuvulala mitu pamene makochi ena amalandira madola oposa 10 miliyoni pachaka, ndiye n'chilungamo kuti nawo adyeko. Vuto n'lakuti sukulu imene ili kunja kwa Big Ten ndi SEC ndalama yoteroyo iitenga kuti?

Onani zomwe zinagwera amasiye awiri aja. Oregon State inali itangomaliza kukonza bwalo lake ndi madola oposa 160 miliyoni mu 2023, chaka chomwecho ligi n'kugwa. Mu Novembala kochi wake Jonathan Smith, yemwe anaphunzira ndi kusewera pa sukulu yomweyo, ananyamuka kupita ku Michigan State ya mu Big Ten, ndipo osewera odalirika anabalalika. Ku Washington State, Cam Ward anapita ku Miami, n'kudzakhala woyamba kusankhidwa mu ligi ya akatswiri ya NFL mu 2025. Wolowa m'malo mwake, John Mateer, atangowala nyengo imodzi anatengedwa ndi Oklahoma, kochi Jake Dickert naye n'kupita ku Wake Forest. Sukulu zotere zasanduka nazale: iwo afese, athirire, mbande ikakula wina abwere ndi lole kudzazula.

Palinso ena amene palibe anawafunsa. Sukulu ikasamuka sisamuka ndi football yokha, imakoka ndi atsikana a volleyball, a softball, a mpira wa miyendo. A football amasewera magemu 12 pa nyengo, kamodzi pa sabata, pa ndege yochita kuwabwerekera. Enawa amasewera pafupipafupi, pakati pa sabata pomwe. Kuchokera ku Los Angeles kukafika ku Rutgers, ku New Jersey, ndi makilomita pafupifupi 4,000, ndipo nthawi imasiyana ndi maola atatu. Mtsikana afike mbandakucha, m'mawa alowe m'kalasi, kenaka tizimutchula kuti wophunzira. Zoona?

Chip Kelly, ali kochi wa UCLA mu 2023, ananena maganizo omwe ine ndikugwirizana nawo: football ipatulidwe, ikhale ndi dongosolo lakelake, masewero enawa abwerere ku ligi za anansi. Ndingoonjezerapo chimodzi. Ambiri mwa mayunivesitewa ndi a boma, omangidwa ndi misonkho ya anthu a m'chigawo, choncho akuluakulu a zigawo asamangopinda manja. Mphamvu ali nazo. Mu 2003 bwanamkubwa wa Virginia, Mark Warner, anakankha mpaka Virginia Tech inalandiridwa mu ACC limodzi ndi msuweni wake. Mu 2024 bodi yoyang'anira mayunivesite a California inalamula UCLA kuti izipatsa mnzake wa ku Berkeley madola 10 miliyoni pachaka. Nanga chingalephereke n'chiyani kulamula kuti Oklahoma ndi Oklahoma State azikumana chaka chilichonse, kaya ali ligi imodzi kaya ayi? Washington ndi Washington State anapitiriza gemu yawo ya Apple Cup mu 2024 ali m'maligi osiyana, ndipo wamasiyeyo ndiye anapambana 24-19. Ndiye kuti n'zotheka, chosowa ndi mtima chabe.

Musaganize kuti fumbi lakhazikika. Amasiye aja, pofuna kudzutsa Pac-12, anakakopa Boise State, Fresno State, San Diego State, Colorado State ndi Utah State kuti achoke mu ligi ya Mountain West mu 2026. Mountain West nayo inatembenukira kwa ochepera mphamvu n'kukatenga UTEP ndi Northern Illinois. Wolumidwa dzulo ndiye akuluma mnzake lero. Florida State ndi Clemson anatengera ACC kukhoti pofuna njira yotulukira, ndipo atagwirizana mu 2025 ndalama yolipira potuluka inakonzedwa kuti izitsika chaka ndi chaka kufikira cha m'ma 2030. Chaka chomwechonso ndi pamene mgwirizano wa TV wa Big Ten udzathe.