Miyeso Iwiri m'Buku la Dracula

Ndinenepo maganizo anga pa buku lina limene layenda m'manja ambiri chaka chino mpaka chikuto chache chathothoka. Bukuli ndi Dracula, limene analemba Bram Stoker, mbadwa ya ku Dublin m'dziko la Ireland, ndipo linasindikizidwa ku London m'chaka cha 1897. Anzanga ena amalikonda chifukwa cha kuopsa kwache, ndipo ena akuti ndi buku la ufiti losayenera mwana wa sukulu. Ine ndaliwerenga kawiri, ndipo chimene chandivuta mumtima si magazi kapena manda iai, koma kaweruzidwe ka mlembi. Ndiona kuti iye ali ndi miyeso iwiri, wina woyesera amuna ndi wina woyesera akazi.

Poyamba ndifotokoze mtundu wa bukuli. Azungu amautcha Gothic, ndipo unayamba ndi buku la Horace Walpole lotchedwa The Castle of Otranto m'chaka cha 1764. Nkhani za mtundu umenewu ziri ndi mwambo wache: pamakhala linga lakale kutali ndi anthu, zitseko zokhoma, mdima, manda, mwini nyumba woipa mtima, ndi namwali wosalakwa amene watsekeredwa m'menemo. Woipa wa m'buku lathuli ndi mzukwa, ndiye kuti munthu amene anafa kale koma sagona m'manda mwache, amadzuka usiku nayamwa magazi a amoyo, ndipo woyamwidwayo akafa amasanduka mzukwa nayenso.

Tiyeneranso kukumbukira kuti m'masiku a Mfumukazi Victoria kunali kwa manyazi kulemba poyera za chilakolako cha thupi. Ndiyesa kuti Stoker anabisa nkhani imeneyi m'kuluma kwa mzukwa, pakuti kumachitika usiku, kawirikawiri m'chipinda chogona, pakamwa pa wina pakhudza khosi la mnzache. Munthu wowerenga mosamala sangalephere kuona chimene chikunenedwa.

Tsono taonani muyeso wa amuna. Stoker anatembenuza mwambo uja pang'ono, popeza wotsekeredwa m'linga si namwali koma mnyamata, Jonathan Harker, loya wa ku Exeter, amene anapita ku Transylvania, dera limene lero liri m'dziko la Romania, kukathandiza Count Dracula kugula nyumba ku England. Usiku wina anagona m'chipinda chimene sanayenera kugonamo, ndipo anamfikira akazi atatu okongola, amene anali mizukwa. Jonathan yemwe avomera m'buku lache la zochitika za tsiku ndi tsiku kuti ngakhale anachita mantha, anakhumbira kuti akaziwo ampsompsone, ndipo anangogona chete kudikira, mpaka Dracula anatulukira nawathamangitsa. Nthawi imeneyo nkuti ali kale pa chitomero ndi Mina Murray. Nanga chilango chache chinali chotani? Atathawa anadwala m'chipatala ku Budapest, Mina anamtsatira namkwatiwa komweko, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamdzudzula.

Tsopano taonani muyeso wa akazi. Lucy Westenra, bwenzi la Mina, mtsikana wa zaka 19, anafunsiridwa ndi amuna atatu tsiku limodzi: Dr John Seward, Quincey Morris wa ku Texas, ndi Arthur Holmwood. Iye anasankha Arthur, koma polembera Mina kalata anadandaula moseka kuti sikuloledwa kukwatiwa ndi onse atatu kuti pasakhale wokhumudwa, ndipo pomwepo anabweza mau achewo. Ndafunafuna m'buku lonse, ndipo sindinapeze china chimene Lucy analakwa ali moyo koposa nthabwala imeneyi. Koma ndiye woyamba kugwidwa pamene chombo cha Demeter chinafikitsa Dracula ku Whitby pamodzi ndi mabokosi 50 a dothi.

Pamene Lucy anayamba kufooka, amuna anai anampatsa magazi ao mmodzimmodzi: Arthur, Seward, Professor Van Helsing wa ku Amsterdam, ndi Quincey. Anzanga a sayansi adzazizwa kuti palibe anayesa magaziwo, koma kudziwa magulu a magazi kunadza pambuyo ndi Karl Landsteiner m'chaka cha 1901. Lucy ataikidwa m'manda, Arthur, posadziwa za enawo, ananena kuti pompatsa magazi anamva ngati amkwatira kale. Van Helsing atakhala pa awiri ndi Seward anagwidwa ndi phwete lowawa, poti ngati ziri choncho ndiye kuti mtsikanayo anali ndi amuna ambiri. Apa ndiona kuti mlembi wambwezera Lucy nthabwala yache ija mwankhanza.

Atasanduka mzukwa, Lucy amagwira ana ang'ono ku Hampstead, ndipo ichi nchoipa ndithu. Koma chimene mlembi afotokoza mobwerezabwereza ndi maso ache okopa, milomo yache, ndi mau ache oitana Arthur kuti adze kwa iye. Zioneka ngati kwa amuna aja chonyansa chachikulu ndi kuona mkazi akuitana mwamuna mosachita manyazi. M'masiku omwewo amene ukwati wao unayenera kuchitika, Arthur anakhoma chikhomo cha mtengo pamtima pa Lucy anzache akupenya, ndipo pambuyo pache madokotala awiri aja anadula mutu nadzaza adyo m'kamwa mwache.

Wina adzati ndikumnenera zoipa mlembi, popeza amunawo anamkonda Lucy, ndipo chikhomocho chinamasula mzimu wache kuti upumule. Ndivomera kuti bukuli litero. Koma amene anakonza nkhaniyo kuti ithe chotere ndi Stoker yemwe. Iye ndiye anasankha kuti mwamuna amene anakhumbiradi akazi atatu akhale ndi moyo, abale mwana, ndi kuti mtsikana amene anangoseka za amuna atatu adulidwe mutu.

Nanga Mina? Iye anali mphunzitsi, wodziwa kalembedwe kachidule ndi kulemba pa makina. Bukuli liribe munthu mmodzi wosimba nkhani yonse, koma lapangidwa ndi makalata, zodula m'nyuzipepala, zolemba za woyendetsa chombo, ndi mau amene Seward amalankhulira m'makina osunga mau. Amene anasonkhanitsa zonsezi naziika mu ndondomeko ya masiku ndi Mina, ndipo popanda nchito yacheyo amunawo sakadadziwa mayendedwe a mdani wao. Atatha kumtamanda anamuuza kuti atsale kunyumba, poti nchito yotsalayo njoopsa kwa mkazi. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, koma awa anachotsa mutu umene unaposa yonse. Iwo ali kunja kusaka mabokosi a dothi, Dracula amalowa kwa Mina, mpaka usiku wina anamkakamiza kumwa magazi a pachifuwa pache. Mina sanafune zimenezi, koma pamene Van Helsing anaika mkate wopatulika pamphumi pache kuti amchinjirize, unamtentha nusiya chipsera, ndipo iye anadziyesa wodetsedwa. Kulakwa kunali kwa amuna amene anamsiya yekha, koma chizindikiro cha manyazi anachisenza ndi iye. Ngakhale zinali choncho, ndi Mina yemweyo amene anapenda mapu nazindikira kuti Dracula akubwerera kwao podzera m'mitsinje. Apa ndimthokoza Stoker, pakuti anaonetsa yekha kupusa kwa amunawo. Koma Mina apulumuka chifukwa nzeru zache zonse anazipereka kutumikira mwamuna wache ndi anzache, osadzifunira kanthu. Tisaiwale kuti m'chaka cha 1897 akazi a ku Britain sanali kuponya voti posankha aphungu. Ena a iwo analoledwa m'chaka cha 1918.

Chifukwa chache sindigwirizana ndi amene afuna kuti bukuli libisidwe, ndiponso sindigwirizana ndi amene angolimeza osatafuna. Ndipempha aphunzitsi athu kuti atilole tilikambirane poyera m'bungwe lathu la mtsutso, anyamata ndi atsikana pamodzi. Ndinena izi chifukwa miyeso iwiri ija ndimaimva ngakhale pakati pathu. Mnyamata akalembera makalata atsikana atatu anzache amamtcha dolo, koma mtsikana akangooneka akucheza ndi anyamata awiri dzina lache laipa sabata isanathe, ndipo ena a ife amene timamseka ndife atsikana anzache. Anzanga, mukadzabwereka bukuli muwerenge mutu wa Jonathan ndi akazi atatu aja, kenaka muwerenge kalata ya Lucy, ndipo mudzandiyankhe m'magazini yotsatira kuti mwa awiriwa analakwa koposa ndani.

Ine wanu,
Mtsikana wa Folomu 4