Chifuwa chikakana mankhwala a TB, afufuze khansa

Munthu akatsika sitima ya Metro pa siteshoni ya Oud Metha ku Dubai, amapezeka pakati pa zipatala. Kuno kuli Rashid, chipatala cha boma chomwe chinatsegulidwa mu 1973. Uko kuli American Hospital, cholipira, chomwe chinayamba mu 1996 ndipo mu 2016 chinalowa m'gulu la zipatala zogwira ntchito limodzi ndi Mayo Clinic ya ku America. Pakatikati pali tchalitchi cha St Mary's, komwe antchito ochokera ku India, Philippines ndi maiko a mu Africa amadzaza mpaka pabwalo.

M'dera limeneli, wodwala amene dokotala akumukayikira khansa ya m'mapapo sadikira miyezi. X-ray ikaonetsa kamthunzi, amamugoneka m'makina a CT. Kenako amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera pamphuno kapena pakamwa mpaka m'njira za mpweya, n'kutapako kamnofu kochepa ngati njere ya mpunga. Kamnofuko ndi kamene kamaulula zonse: ngati ndi khansadi, mtundu wake, komanso ngati ili ndi zizindikiro monga EGFR kapena ALK, zomwe zimalola wodwala kumwa mapiritsi olimbana ndi chotupacho. Makina a PET-CT amaonetsa ngati yafalikira ku mafupa kapena ku chiwindi. Ikapezeka msanga, madokotala amadula mbali ya phapo ndipo munthu amatha kuchira.

Koma mlonda kapena mayi wogwira ntchito zapakhomo wochokera ku Mangochi salowa zitseko zimenezi mosavuta. Lamulo la Dubai la mu 2013 limakakamiza mabwana kugulira antchito awo inshuwaransi, inde, koma yotsika kwambiri ija, ya olandira ma dirham 4,000 kapena kucheperapo pamwezi, imathera pa ma dirham 150,000 pachaka. Mankhwala amakono a khansa amatha kumeza ndalama imeneyi chaka chisanathe. Palinso mantha. Kuti munthu apeze chilolezo chokhala m'dzikolo amajambulidwa pachifuwa kufufuza TB, choncho wantchito akayamba kutsokomola amabisa, n'kumamwa timankhwala ta m'sitolo poopa kubwezedwa kumudzi. Kubisa kumeneku n'kumene kumapatsa chotupa mpata wokula.

Kwathu kuno vuto ndi lomweli, lavala malaya ena chabe. Bambo wa ku Kasungu amene wasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata amafika pachipatala cha boma atawonda, akulavula makhololo a magazi. Aliyense amati ndi chifuwa chachikulu, ndipo n'zomveka, pakuti TB ndi imene tinaizolowera. Makina a GeneXpert akapanda kupeza kachilombo, nthawi zina amamuyambitsabe mankhwala a miyezi 6. Amamwa mokhulupirika, mlongo wake akumuwerengera mapiritsi m'mawa uliwonse. Pomwe achipatala azidzati mwina ndi china, mpweya ukuvuta kale ndipo madzi adzaza m'chifuwa.

Khansa ya m'mapapo si ya osuta okha. Amayi amene akhala zaka makumi akupuma utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera ali pachiopsezo, chimodzimodzi madala amene anameza fumbi m'migodi ya ku Joni. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni padziko lonse anapezeka ndi khansa ya m'mapapo, ndipo 1.8 miliyoni anamwalira nayo. Palibe khansa ina imene inapha anthu ochuluka chotere.

Malawi sali chimanjamanja ngati kale, pomwe odwala ankadikira pamndandanda wopita ku India. Mu 2024 ku Blantyre kunatsegulidwa International Blantyre Cancer Centre yokhala ndi makina owotcha khansa, ndipo boma lili ndi National Cancer Centre pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Mu 2023 dziko lino, ngakhale limadalira fodya, linavomereza pangano la WHO lochepetsa kusuta. Zonsezi n'zoyamikika. Komabe makina owotchawo athandiza pang'ono ngati odwala azifika mochedwa, ndipo pamenepa m'pamene Oud Metha akutiposa kwenikweni: wodwala amachoka pa X-ray kupita pa CT mpaka potapa kamnofu osasochera panjira.

Unduna wa Zaumoyo uike lamulo lomveka m'zipatala zonse za m'maboma: wamkulu aliyense amene makhololo ake sanaonetse TB, kapena wamwa mankhwala miyezi iwiri osasintha, atumizidwe ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu kukafufuzidwa khansa. Ndipo inu amene muli ndi m'bale ku Dubai amene akutsokomola pafoni sabata zitatu tsopano, muuzeni atenge khadi lake la inshuwaransi akaonane ndi dokotala sabata ino.