KADZIDZI SI MFITI, NDI WAGANYU WOSALIPIDWA

Uthengawu ndi wautali, ndikudziwa kale, ndiye amene muli pa ntchito sungani muwerenge madzulo. Koma mukafike mpaka pansi chifukwa nkhaniyi ikukhudza mphika wathu.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Timbalame ndi tizilombo timene timangopha pakhomo ndi m'dimba ndi aganyu amene amatigwirira ntchito ulere. Tikawathamangitsa ntchito yawo siitha ayi, imangosanduka bilu. Ndipo biluyo ngakhale ilembedwe kumtunda ku Dedza, mbali ina timalipira ndife kunyanja.

Ambiri mukudziwa kuti mwera ukalimba mu Juni ndi Julaye maboti amagona pamchenga ndipo ntchito ya mainjini imachepa. Nthawi imeneyo ine ndimakwera kwa azakhali ku Kabwazi kukakonza mapampu othirira m'madimba. Injini ndi injini basi. Ya Yamaha pa boti ndi kapampu ka petulo m'dambo zonse zimafuna pulagi yabwino, mafuta oyera ndi mpweya. Kungoti kuno kumazizira magaye. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pomwe payambira nyanja yamchere, pomwe phiri la Dedza limayandikira 2,200. Mwana wa msodzi wozolowera kugona khonde amaphunzira kulemekeza bulangete.

Tsiku la kuno lili ndi ndondomeko yake. Amayamba tambala, kenako pumbwa mumtengo wa pichesi, kenako zidebe pa mjigo, chigayo, ndi njinga za kabaza zitasenza matumba a mbatatesi. Pomwe amayi apetera mphale mpheta zafika kale kudzatola misere. Dzuwa likafunda gulo amatulukira pakhoma n'kumagwedeza mutu ngati bwana wovomereza malipiro. Kudambo akakowa ali pambuyo pa ng'ombe, nantchengwa waima m'matope ngati mlonda. Usiku achule amayimba pachitsime, mileme ikuzungulira nthochi, kadzidzi n'kulira chapatali.

Zomvetsa chisoni n'zakuti pafupifupi aliyense pa mndandandawu ali ndi mlandu kwa anthu. Kadzidzi akatera padenga ndi miyala, eti wabweretsa maliro. Nanzikambe akapezeka pa nthambi ana amamuthira fodya m'kamwa. Chule ndi wopondedwa. Mbalame iliyonse yaing'ono ndi ya legeni kapena ulimbo. Si za ku Kabwazi kokha izi, kwathunso timachita zomwezo.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi ntchito zawo, ngati momwe timawerengera ziwiya za injini.

Kadzidzi chakudya chake chachikulu ndi mbewa ndi makoswe. Amasaka usiku, nthawi yomwe khoswe ali pa shifiti mu nkhokwe ndi m'matumba a chimanga. Salira kuti munthu afe, amalira kuitana mnzake ndi kulengeza kuti dera ili lili ndi mwini. Ukamuthamangitsa makoswe amachuluka, iwe n'kukagula tameki. Tameki uja amapha khoswe, inde, komanso amapha mphaka, galu ndi nkhuku, ndipo tonse tinamvapo za mwana amene anatola chakudya chothira mankhwala. Ndiye mfiti ndani apa, mbalame kapena kapepala ka ufa wakuda kosungidwa pansi pa bedi?

Nanzikambe alibe ululu. Amadya ziwala, ntchentche ndi tizilombo tina touluka. Chule amadya zokwawa usiku m'mabedi a ndiwo. Mnthengu ndi namzeze amagwira zouluka m'mwamba. Nyongolotsi zimafewetsa nthaka kuti madzi azilowa. Njuchi ndiye musanene. Maungu ali ndi maluwa aamuna ndi aakazi osiyana, ndipo popanda njuchi yonyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina, kadzungu kamangofota n'kugwa. Munthu amapopera mankhwala dzuwa lili pamutu maluwa ali otsegula, njuchi n'kufa, kenako n'kumati mbewu ya chaka chino inali yabodza.

Pali agogo ena amene ndimawakonzera pampu chaka ndi chaka. Dimba lawo poliona koyamba ungati lauve. M'mphepete muli vetiva, nthochi, nzimbe ndi tchire pang'ono, pakona pali kachitsime kodzaza achule. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Agogo, bwanji osalambula konseku kuti pawoneke bwino?" Anaseka n'kuti, "Mdzukulu wanga, antchito anga akagona kuti? Iwe ungathamangitse alonda chifukwa choti kanyumba kawo n'konyansa?" Sikuti agogowa sapopera ayi. Amapopera, koma amayamba ayendera mbewu n'kuona ngati vuto lafikadi, ndipo amachita madzulo njuchi zitapita. Pafupi nawo pali mnyamata wa msinkhu wathu, dimba loyera ngati bwalo la mpira, sipuleya kumsana sabata iliyonse, vuto lilipo kapena palibe. Akamaliza amakatsukira sipuleyayo mumtsinje.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutsikira kwathu. Madzi a mbali ino ya Dedza amathira mu Diamphwe ndi Linthipe. Linthipe ndi yemwe uja timawoloka pa msewu wa M5, amene amakalowa m'nyanja pakati pa Senga Bay ndi Chipoka, moyang'anizana ndi zilumba za Maleri. Amene munapalasapo kumeneko mu Januwale mukudziwa mtundu wa madzi ake, ofiira ngati tiyi wa mkaka mpaka kutali. Limene lija ndi dothi la minda ya kumtunda. Tchire likatenthedwa mu Ogasiti ndi Seputembala posaka mbewa, nthaka imatsala yamaliseche, mvula yoyamba n'kuikokolola. Mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje nthawi ya mvula kukaswa pa timiyala toyera. Timiyalato tikakwiririka ndi matope mazira amafa. Funsani abambo anu za ntchila, nsomba imene kale inkadzaza mabwato koma ambiri a ife sitinaionepo pa thandala. Nayonso inali yoswera m'mitsinje.

Za mankhwala ndiye zoopsa kwambiri. Cypermethrin amene amagulitsidwa m'timabotolo pa tsiku la msika ndi poizoni woopsa kwa nsomba, madontho ochepa okha amakwana. Wotsuka sipuleya mumtsinje sakudziwa kuti akupha achule a dimba lake lomwe ndi timatemba ta ana ake.

Koma tisafulumire kuloza chala kumtunda, aise. Ife a kunyanja nkhani yothamangitsa waganyu timaidziwa bwino kuposa iwo. Ku Chembe, komwe alendo amati Cape Maclear, akatswiri ofufuza anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka okokera m'mphepete, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka, matendawo n'kukwera pakati pa ana. Nsomba ija inali dokotala wosavala gawuni. Tinaidya ndi nsima, bilu tikulipira ku chipatala. Nanga ma neti a udzudzu amene timasoka n'kumakokera kasawala? Nanga anzanga a sipanala amene amakhuthulira oyilo wakuda pamchenga pomwe amayi akutsukira mbale? Mnyamata wa legeni ku Kabwazi ndi mnyamata wa neti ya udzudzu ku Senga Bay ndi pachibale, kungoti sanakumanepo.

Tsono imvani ichi, mwina museka. Mbozi za ntchemberezandonda zija zitavuta, mpaka mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika kulengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi, alimi ena anatulukira njira yawo. Amaphika msuzi wa usipa kapena bonya, ena n'kuthiramo shuga, n'kuwaza pa chimanga. Fungo lija limaitana nyerere, nyererezo n'kukapeza mbozi mu nsonga ya chimanga n'kuzidya. Mwaona? Usipa wathu womwewu ukukagwira ntchito yoitana aganyu m'munda wa kumtunda. Koma njirayi imatheka pokhapokha ngati nyerere zilipo. M'munda wotenthedwa chaka ndi chaka ndi wopoperedwa mosalekeza, uitana ndani?

Ndikudziwa ena muyankha kuti, "Iwe makaniko, ukuyankhula chonchi chifukwa ulibe ngongole ya feteleza." Zoona, ndipo sindikupeputsa. Mlimi wa matimati amene mbozi zalowa m'masamba ndi m'zipatso sangakhale pansi kudikira nanzikambe woyenda ngati akupita ku ukwati wa mdani wake. Mbalame zina zimadyadi mapira ndi zipatso. Kabawi amatengadi anapiye. Mphiri ndi mamba si zoseweretsa, mukaziona pakhomo samalani ana. Mbewa ndi ndiwo, ndipo anyamata oima nazo pa M1 akusaka ya sopo, sakuba. Sindikunena kuti tisiye kudya kapena tisiye kuteteza mbewu.

Chimene ndikukana ndi kupha kopanda phindu, ndi kuwononga zambiri pofuna chochepa. Kadzidzi sumudya, nanzikambe sumugulitsa, ndiye wamuphera chiyani? Kutentha dambo lonse chifukwa cha mbewa zodzaza kachidebe kamodzi n'chimodzimodzi kuphwasula injini yonse kuti upeze waya womangira nsapato. Pa ntchito yathu pali lamulo limene aliyense amaphunzira tsiku loyamba: kachitsulo kamene sukukadziwa ntchito yake usakataye. Kawasha kakang'ono kamene ukuti n'kachabe ndi kamene kadzakuzimitsire injini pakati pa nyanja usiku, mwera ukubwera.

Makolo athu ankazidziwa izi. Nthano ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imati poyamba Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere. Munthu atapeka moto tchire linayaka, nyama zinathawa, nanzikambe anakwera mumtengo, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Kaya mumaikhulupirira kaya ayi, onani kuti pa nthanoyi wolakwa si nanzikambe, ndi uja anayatsa moto. Ku Chongoni konkuno ku Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo zina mwa zojambulazo ndi zamoyo za m'tchire. Kwathu nako tili ndi chitsanzo chamoyo. Pa chilumba cha Mbenji, pansi pa mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo aliyense amadziwa mmene utaka wa kumeneko umakhalira akatsegula. Sanadikire mzungu kuti awauze. Anangoona kuti chimene chimakudyetsa umachipatsa mpata wopuma.

Ndiye pempho langa nali, ndipo silifuna ndalama.

Amene muli ndi azing'ono anu a legeni, auzeni kuti kadzidzi, nanzikambe ndi chule azisiyidwa. Musawakalipire, ingowauzani chimene chilichonse chimadya. Ana amamva msanga kuposa ife.

Amene muli ndi dimba kapena kamunda kuseri kwa nyumba, siyani kakona kamodzi ka tchire, dzalani vetiva kapena nthochi m'mphepete mwa madzi, ndipo musalime mpaka kukhudza mtsinje.

Ngati kupopera n'kofunikadi, funsani alangizi a zaulimi, werengani muyezo pa botolo, poperani madzulo, ndipo sipuleya ndi mabotolo zisayandikire mtsinje kapena chitsime. Mankhwala opanda chizindikiro, othiridwa m'botolo la Fanta, asiyeni pamsika pomwepo.

Mbewa kumbani ndi khasu kapena tcherani misampha, machesi asiyeni kunyumba.

Ndipo ife a pamchenga, neti ya udzudzu ibwerere pa bedi, oyilo wakutha alowe m'chigubu, nyengo yotseka nyanja tiilemekeze ngakhale m'thumba mukuwawa. Sitingapemphe a kumtunda kuti atisamalire mtsinje ife tikukokera ana a chambo.

Ambirife tili ndi abale kumtunda. Amatitumizira mbatatesi ndi nyemba, ife timawatumizira usipa. Ulendo uno potumiza kathumba ka usipa tumizaninso mawuwa. Amene mukutsutsa bwerani ndi mfundo, tikambirane, ine foni ili m'manja ndikamaliza pampu ya anthu. Amene mwagwirizana nazo tumizani ku magulu ena, makamaka a ku Dedza, Lilongwe ndi Salima, chifukwa tonsefe tikumwa Linthipe mmodzi.