Chikwama cha mphwanu achilongedze yekha

Mwana wa achemwali anga ali ndi zaka 15, ndipo holide ikafika ntchito yake ndi foni basi. Chaka chatha mu Ogasiti ndinati ayi, tiye tikawongole miyendo. Masiku atatu wapansi: kunyamuka pa boma la Ntchisi, kudzera cha ku Chinthembwe, kulowa m'nkhalango, n'kukagona kwa achibale kuseri kwa phiri. Achemwali anangoti, "Achimwene, mwana wanga abwere ndi miyendo yonse iwiri."

Anabwera nayo, koma movutikira, ndipo wolakwa ndinali ine.

Dzulo lake la ulendo ndinamugulira nsapato pa kaunjika, zooneka bwino zedi, zija zimafika m'kakolo. Chikwama ndinamulongedzera ndekha usiku iye ali mtulo. Pofika masana tsiku loyamba zidendene zonse zinali matuza, ndipo paliponse pamene taima nyimbo inali imodzi: "Amalume, sokosi zili kuti? Amalume, tochi mwaika pati?" Samadziwa chomwe wasenza. Madzulo anandiuza mosapsatira kuti ulendowu ndi wanga, iye ndangomutenga ngati wonyamula katundu. Zinandiwawa, koma sananame.

Ndiye inu amene mukufuna kutenga mng'ono wanu kapena mwana wa m'bale wanu pa ulendo wotere, yambani ndi mapazi. Nsapato yoyenda nayo ulendo wautali ndi imene phazi linaizolowera kale. Ngati mwagula ina, aivale masabata awiri kapena atatu, popita kuchigayo, kumsika, kutchalitchi, mpaka ifewe. Isakhale yothina, chifukwa phazi limatupa mukayenda maola ambiri, ndipo potsika phiri zala zimagunda kutsogolo. Sokosi zikhale mapeyala atatu: ina kuphazi, ina yochapa ikuuma pamwamba pa chikwama, ina yogonera yosakhudza madzi. Akangoti pena pake pakutentha, imani pomwepo, apake Vaseline kapena amate pulasitala thuza lisanatuluke. Achinyamata amabisa ululu kuopa kuoneka ofooka, choncho musadikire kuti anene. Muziti nonse muvule nsapato pamene mwapuma, inu muyambe.

Kenako kulemera. Anthu oyenda m'mapiri amalangiza kuti mwana asasenze katundu woposa 15 peresenti ya thupi lake. Wanga amalemera makilo 45, ndiye malire ake ndi pafupifupi makilo 7. Madzi malita awiri ndi makilo awiri kale. Atsala asanu. Chaka chino tinakayeza chikwama pa sikelo ya ogula soya pa trading (inde, mbiri ya masikelo amenewo tonse tikuidziwa, koma pa chikwama sakuberani kanthu). Chinakwana makilo 10. Sindinamuuze choti achotse. Ndinangoti, "Iweyo ndiye usenze, ona wekha." Anatulutsa jinzi yachiwiri, sipika ya Bluetooth ndi botolo la perefyumu, akung'ung'udza.

Chimene sindinalole kuti chitsale ndi juzi ndi chipewa choluka. Phiri la Ntchisi ndi lalitali mamita oposa 1,600, ndipo kuyambira Juni mpaka Ogasiti usiku wake si wamasewera. Masana mutuluka thukuta, dzuwa likangolowa mano ayamba kugundana. M'nkhalango yeniyeniyo, momwe muli mitengo ikuluikulu yosayoyola masamba, m'mawa mumakhala nkhungu ndi mame onyowetsa ngati mvula. Zovala zogonera ndi bulangete zikulungidwe mu jumbo yokhuthala musanaziike m'chikwama. Chitenje nachonso chilowe, ngakhale mnyamata achite manyazi: ndi thawulo, ndi mphasa, ndi mthunzi, ndi bandeji wina akabzungunyuka bondo.

Zakudya musavutike ndi zam'sitolo. Mtedza wokazinga, mbatata yootcha, chiponde m'kabotolo, nthochi zogula m'njira. Wazaka 15 amamva njala maola awiri aliwonse, ndipo njala yake imatuluka ngati mkwiyo, choncho kamba akhale m'thumba lake la m'mbali, osati pansi pa chikwama chanu. Madzi a mumtsinje, angaoneke oyera bwanji, thirani WaterGuard ndipo mudikire mphindi 30. Tengani mapaketi awiri a Thanzi ORS. Akatha, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimagwira ntchito yomweyo.

Za foni tinakangana. Ine ndimafuna aisiye, iye anati ndiye sapita. Tinagwirizana kuti foni yake ikhale ndi udindo: asananyamuke atsitse mapu a dera lonse pa Google Maps kuti azioneka popanda intaneti, aziiika pa flight mode, ndipo power bank asunge ndi iyeyo. M'zigwa netiweki imabwera n'kupita. Kunena zoona, mapuwo sasonyeza tinjira tonse ta m'nkhalango, n'chifukwa chake muyenera kuonana ndi a zankhalango ndi kupeza munthu wa komweko wokutsogolerani. Ku Ntchisi Forest Lodge, nyumba ija ya atsamunda ya mu 1914, ndi poyambira pabwino pofunsa. Wotitsogolera ndiye anafotokozera mnyamatayu kuti makolo athu ankabisala m'nkhalangoyi pothawa nkhondo za Angoni, ndipo ndinaona foni ikulowa m'thumba yokha.

Pali kanthu kena kopepuka koma kofunika. Chiphaso cha unzika chimaperekedwa munthu akakwana zaka 16, ndiye wa zaka 15 alibe. Mulembereni papepala dzina lake, mudzi, mfumu, ndi manambala awiri a kunyumba, pepalalo likhale m'thumba la malaya, osati mufoni imene ingathe kuzima. Mukafika pamudzi poti mugone, kaonekereni kwa amfumu kusanade. Anthu awiri achilendo okhala ndi zikwama kumsana amadzutsa mafunso, ndipo moni wa mphindi zisanu umathetsa zonsezo.

Ulendo wa chaka chino tikunyamuka Lachisanu. Usiku wathawu ndinamupeza wayala katundu yense pamkeka, akuchonga pa kapepala kake. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Amalume, nanga chanu mwayeza?" Ndinali ndisanayeze. Chinapezeka ndi makilo 16, ndipo wandiuza kuti ketulo itsale.