Nkhondo Yopanda Mwazi

Pali masewera ena otchedwa tchesi, amene anthu awiri amasewera atakhala chete moyang'anizana. Pakati pawo pamakhala thabwa logawidwa m'timabwalo 64, toyera ndi takuda. Aliyense amakhala ndi gulu lake la nkhondo la tizidole 16. Wopambana ndi amene watsekereza mfumu ya mnzake mpaka kusowa kothawira.

Masewerawa anayambira ku India zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Kumeneko ankatchedwa chaturanga, kutanthauza magulu anayi a ankhondo: oyenda pansi, okwera pa akavalo, okwera pa njovu ndi okwera pa magaleta. Kuchokera ku India anafika ku Persia, ndipo pambuyo pake Aluya anawatengera ku Spain. Atafika ku Ulaya, kadole kamene kanali nduna ya mfumu kanasanduka mfumukazi. M'chaka cha 1924 bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse, lotchedwa FIDE, linakhazikitsidwa ku Paris.

Anthu ena amati si bwino kuti ana azisewera masewera ofanizira nkhondo, poopa kuti angaphunzire ndewu. Nkhawa yotere ndi yomveka, koma tchesi saphunzitsa ndewu ayi. Nkhondo yeniyeni imasiya maliro, njala ndi mabwinja. Nkhondo ya pathabwa imayamba ndi kugwirana chanza, ndipo imathanso ndi kugwirana chanza. Wogonja amavomereza kuti mnzake waganiza bwino koposa iye, kenaka tizidole tonse timabwerera m'malo mwake.

Phunziro loyamba la masewerawa ndilo kudekha. Pali lamulo lakuti munthu akagwira kadole, ayenera kusuntha komweko. Motero wosewera amayamba waganiza asanatambasule dzanja. Waphuma amataya mfumukazi yake chifukwa chothamangira kudya kamsilikali kamodzi. Paja akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phunziro lachiwiri ndilo kusanyoza wamng'ono. Kamsilikali koyenda pansi ndiko kofooka koposa tonse, ndipo sikabwerera m'mbuyo. Koma kakapirira mpaka kufika kutsidya kwa thabwa, kakhoza kusanduka mfumukazi. Zoterezi zimachitikanso pakati pa anthu. Amon Simutowe, wobadwira ku Ndola m'dziko la Zambia, anayamba kusewera ali mnyamata, ndipo m'chaka cha 2009 analandira udindo wapamwamba koposa wa akatswiri a tchesi.

M'chaka cha 1997 kompyuta yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, amene anali katswiri wa dziko lonse pa nthawiyo. Komabe anthu sanaleke kusewera. Galimoto limathamanga koposa munthu, koma mpikisano wa liwiro sunathe. Munthu amasewera kuti anole nzeru zake, monga momwe wosewera bawo amanolera nzeru powerengera nkhomo asanatakate.

N'chifukwa chake masewerawa ayenera kupatsidwa malo m'sukulu. Safuna ndalama zambiri: katoni ndi zitsekerero za mabotolo zikhoza kukwanira. Koma asalande nthawi ya maphunziro kapena ya ntchito zapakhomo. Mwana amene waphunzira kuganiza asanachite kanthu, ndi kugonja popanda kukwiya, walandira chuma chimene anthu a ku India anasiyira dziko lonse.

Mafunso
1. Kodi dzina lakuti chaturanga limatanthauza chiyani?
2. Fotokozani kusiyana kwa nkhondo yeniyeni ndi nkhondo ya pathabwa.
3. Kodi kamsilikali koyenda pansi kakutiphunzitsa chiyani?