Chisanu, Fumbi ndi Mapapo Athu

Ku Lillehammer, m'dziko la Norway, kumene kunachitikira masewera a Olimpiki a nyengo yozizira mu 1994, akatswiri othamanga pa chipale chofewa amakonzekerako mipikisano mpaka lero. Akatswiri a masewerawa ndi amphamvu zedi, komabe ambiri amadwala mphumu, chifukwa mpweya wozizira ndi wouma umene amapumira pakamwa mwawefuwefu umatupitsa njira zopita m'mapapo.

Kuno ku Kasungu chipale sitichidziwa, koma mwera wa Juni ndi Julayi timaudziwa. Ndi nthawi yomweyonso imene timasankha ndi kudinda fodya wopita ku Chinkhoma, fumbi lili koboo. Tikatseka zitseko poopa mphepo, fumbilo limathera m'chifuwa.

Choncho tizisankhira pamalo podutsa mphepo, titamanga kansalu pamphuno, ana ali kutali. Achinyamata olawirira kumpira aziyamba ndi kuyenda ndawala akupumira m'mphuno, thupi litenthe kaye. Usiku mbaula ya makala isagone nafe m'nyumba, pakuti mpweya wake umapha munthu ali mtulo. Mwana akamalira m'chifuwa popuma, tisadikire kuti chisanu chithe. Tithamange naye kuchipatala tsiku lomwelo.