Chakudya cha nsato yoweta chingadwalitse mwana wa m'nyumba momwemo

Mu Malichi 2024, bungwe loona zaumoyo wa anthu m'dziko la Canada, la Public Health Agency of Canada, lidalengeza kuti anthu 70 adadwala matenda a Salmonella kuyambira mu 2022. Anthu 10 adagonekedwa m'chipatala ndipo mmodzi adamwalira. Ofufuza adapeza kuti ambiri mwa odwalawo adakhudzana ndi njoka zoweta pakhomo, kapena mbewa ndi makoswe zomwe eni ake amadyetsa njokazo. Ena mwa iwo adali ana osapitirira zaka 5.

Kuno kwathu, munthu akaona njoka amathamangira ndodo, choncho nkhani yoweta nsato m'nyumba ingamveke ngati nthabwala. Koma ku Britain, America, Canada ndi South Africa, komwe abale athu ambiri akukhala ndi kulera ana, njoka yotchedwa ball python imagulitsidwa m'mashopu a ziweto monga mmene agulitsira mbalame ndi nsomba. Mwana akhoza kuipeza kunyumba kwa mnzake kapena kukakamira makolo kuti amugulire. Funso loyamba la woweta aliyense limakhala lakuti njokayi aidyetse chiyani, ndipo yankho lake limakhudza aliyense amene amadya chakudya chochokera m'khitchini ya nyumbayo.

Njokayi ndi yotani

Ball python ndi mtundu wa nsato yaing'ono yopezeka kumadzulo ndi pakati pa Africa. Zambiri zomwe zidafalikira m'maiko a azungu zidachokera ku Ghana, Togo ndi Benin, ngakhale masiku ano zochuluka zimaswanirana m'manja mwa alimi a njoka. Si nsato yathu yaikulu ija yomeza mbuzi. Kawirikawiri imatalika mita imodzi kapena mita ndi theka, ilibe ululu, ndipo ikachita mantha imadzipinda ngati mpira n'kubisa mutu pakati, ndiye chiyambi cha dzina lakelo. Kufatsa kwake ndi kumene kumakopa makolo. Ikasamalidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30, kutanthauza kuti banja lomwe lagula njokayi lidzasunga mbewa zakufa m'nyumba kwa zaka zonsezo.

Kutchire imadya mbewa, makoswe ndi mbalame zing'onozing'ono. Imameza nyama yathunthu, ndipo thupi lake limadalira zimenezo: mafupa amaipatsa kashiamu, chiwindi ndi zam'kati zina zimaipatsa mavitamini. Nthuli za nkhuku kapena za ng'ombe pazokha sizikwanira, ndipo njoka yodyetsedwa zotere kwa nthawi yaitali imafooka mafupa. N'chifukwa chake pali malonda aakulu oweta mbewa ndi makoswe, kuzipha, kuziumitsa mufiriza n'kuzitumiza m'mapaketi ngakhale kunja kwa dziko.

Kukula kwa nyama ndi nthawi yodyetsa

Lamulo lomwe oweta ndi madokotala a ziweto amatsatira n'losavuta: mbewa kapena khoswe asaposere kunenepa kwa njokayo pamalo pomwe thupi lake ndi lalikulu kwambiri. Nyama ikakula mopitirira, njoka imatha kuisanza patapita masiku, ndipo kusanza kumaipweteka kummero ndi kuifooketsa. Masanziwo amakhalanso ndi tizilombo, ndipo munthu ndiye amawakolopa.

Kamwana ka njoka kamadya kamodzi pa masiku 5 mpaka 7. Yaikulu imadya kamodzi pa sabata ziwiri kapena kuposerapo, ndipo kuidyetsa pafupipafupi kumainenepetsa mpaka kudwala. Oweta ambiri amayamba ndi mbewa kenako n'kusinthira ku makoswe njoka ikamakula, chifukwa khoswe mmodzi amakwanira pomwe pakadafunika mbewa zingapo. Ball python imadziwikanso ndi kukana chakudya kwa milungu kapena miyezi popanda kudwala. Apa ndi pomwe ena amatekeseka n'kuyamba kuiponyera nyama yamoyo kapena yogwira kutchire.

Yamoyo, yakutchire kapena youmitsa

Khoswe wamoyo amadziteteza. Njoka ikapanda njala, khoswe wosiyidwa m'khola lake amatha kuiluma ndi kuitafuna msana mpaka mabala kuchita mafinya. Kwa anthu, makoswe amoyo amaluma, amakodza paliponse, ndipo amafalitsa matenda awoawo. Mu 2012 ku America, ogwira ntchito pamalo ena oswetsera mbewa m'chigawo cha Indiana adapezeka ndi kachilombo ka LCMV, komwe kamachokera ku mikodzo, malovu ndi ndowe za mbewa. Kwa munthu wamkulu wathanzi kawirikawiri kamabweretsa zizindikiro zonga za chimfine, koma mayi woyembekezera akakatenga, mwana akhoza kubadwa ndi madzi m'mutu kapena vuto la maso.

Nyama yogwira kutchire kapena m'nyumba ndi yoopsa koposa. Imakhala ndi njoka zam'mimba ndi nthata, ndipo palibe angadziwe ngati idadya mankhwala a makoswe. Mankhwala ambiri a makoswe sapha nthawi yomweyo, khoswe amayendabe masiku angapo poizoni ali m'thupi, ndipo chilichonse chomudya chimalandira poizoniyo. Pali mtundu wa mbewa wotchedwa Mastomys natalensis, womwe kuno timautcha kapuku, umene oweta amaukonda chifukwa ball python yokana zina imaulandira msanga. Kumadzulo kwa Africa, mbewa zakutchire za mtunduwu ndi zomwe zimasunga kachilombo ka Lassa fever. Zogulitsidwa m'mashopu zimaswanirana m'makola, koma izi zikuonetsa chifukwa chake gwero la mbewa liyenera kudziwika.

Pazifukwa zimenezi, madokotala a ziweto ambiri amalangiza mbewa zoumitsa mufiriza zogula kwa ogulitsa odziwika. Kwa njoka, malangizowa ndi abwino. Vuto ndi lakuti anthu ambiri amaganiza kuti chinthu chouma gwa ndi ayezi chilibe tizilombo. Kuzizira sikupha Salmonella. Kumangoigonetsa, ndipo mbewa ikasungunuka tizilomboto timadzuka n'kuyamba kuswana.

Zomwe zidachitika ku Britain ndi America

Ku Britain, mtundu umodzi wa Salmonella Enteritidis udadwalitsa anthu oposa 800 pakati pa 2015 ndi 2021, ambiri mwa iwo ana. Akatswiri adafufuza chibadwa cha tizilomboto ndipo adapeza kuti tidachokera ku mbewa zoumitsa zomwe zinkaitanitsidwa kuchokera ku Lithuania. Mu Disembala 2021 mbewazo zidachotsedwa pamsika, ndipo mu 2022 boma lidaletsa kuitanitsa mbewa zotere kuchokera kudzikolo. Ku America, bungwe la CDC lidapeza anthu 41 m'zigawo 21 omwe adadwala Salmonella Typhimurium mu 2014 kaamba ka mbewa zoumitsa.

Mliri wa ku Britain udatenga zaka zonsezi pa zifukwa zomveka. Paketi ya mbewa imakhala mufiriza miyezi yambiri, choncho anthu amadwala mmodzimmodzi m'matauni osiyana, osati gulu limodzi ngati a paukwati omwe adya mpunga wosasa. Chachiwiri, wodwala akafika kuchipatala timamufunsa zomwe adadya ndi madzi omwe adamwa, koma kawirikawiri sitifunsa zomwe zili mufiriza kapena ziweto zomwe zili m'nyumba. Chachitatu, mbewa zodyetsa njoka sizipimidwa mozama ngati nyama yodya anthu, ngakhale zimathera m'furiji imodzi ndi nyama ya ndiwo.

Njoka yokhayo ndi gwero lina. Njoka, abuluzi ndi akamba ambiri amakhala ndi Salmonella m'matumbo osadwala, ndipo amaitulutsa m'ndowe nthawi ndi nthawi. Kuimwetsa mankhwala opha mabakiteriya sikuichotsa, kumangopangitsa tizilombo kuti tisamamve mankhwala. America idaphunzira izi kale: mu 1975 idaletsa kugulitsa akamba ang'onoang'ono osakwana mainchesi 4 ana ambiri atadwala.

Mmene tizilombo timafikira mwana

Khanda silifunika kugwira njoka kuti lidwale. Mbewa ikasungunulidwa m'mbale ya m'khitchini, madzi ake amagwera musinki momwe mutsukidwe botolo la mkaka. Bambo akadyetsa njoka n'kunyamula mwana asanasambe m'manja, mwanayo amayamwa zala zawo. Njoka ikayenda pampando kapena pakapeti, mwana wokwawa amadutsa pomwepo. Salmonella imakhala yamoyo kwa milungu pamalo ouma. Komwe magetsi amazimazima, monga kuno, paketi imasungunuka n'kudonthera pa zakudya zina, kenako n'kuumanso magetsi akayaka, osasiya chizindikiro.

Zizindikiro zimayamba pakati pa maola 6 ndi masiku 6: kutsekula m'mimba, nthawi zina kwa magazi, kutentha thupi, kupotokola m'mimba ndi kusanza. Anthu ambiri amachira okha pa masiku 4 mpaka 7. Koma mwa makanda, okalamba ndi omwe chitetezo cha m'thupi n'chofooka, tizilombo timatha kuchoka m'matumbo n'kulowa m'magazi, m'mafupa kapena m'zikuto za ubongo. N'chifukwa chake CDC imalangiza kuti ana osakwana zaka 5, akuluakulu a zaka 65 kupita m'tsogolo ndi odwala matenda ofooketsa chitetezo asamagwire nyama zamtunduwu kapena chakudya chake.

Ife kuno tikuidziwa bwino Salmonella yolowa m'magazi. Kafukufuku wa zaka zambiri pachipatala cha Queen Elizabeth Central mumzinda wa Blantyre adaonetsa kuti ndi imodzi mwa mabakiteriya omwe amapezeka kwambiri m'magazi a ana ndi akuluakulu ogonekedwa ndi kutentha thupi, makamaka omwe ali ndi HIV, malungo, kuchepa kwa magazi kapena kunyentchera. Mtundu wa kuno sudachokere ku njoka zoweta, koma ukutiphunzitsa kuti kachilombo komwe kamangotsekula m'mimba mwana wathanzi kakhoza kupha mwana wofooka.

Zoyenera kuchita banja lomwe lili ndi njoka

Ngati m'nyumba muli khanda, mwana wosakwana zaka 5, mayi woyembekezera kapena wodwala yemwe chitetezo chake n'chotsika, chanzeru ndi kusagula njokayo pakadali pano. Ngati ilipo kale, wamkulu yekha ndiye aziidyetsa ndi kukonza khola lake.

Mbewa zisungidwe mufiriza yakeyake. Zikakanika, ziikidwe m'chigubu chotseka bwino, cholembedwa, pansi penipeni, kutali ndi zakudya. Posungunula, mbewa ikhale m'pepala la pulasitiki lomata, m'chiwiya chomwe ntchito yake ndi yomweyo basi, kunja kwa khitchini. Isalowe mu microwave kapena m'poto wophikira. Ball python imazindikira nyama ndi timaenje tomva kutentha tomwe tili pamlomo pake, choncho oweta amafunditsa mbewa m'madzi ofunda isanaperekedwe. Madzi amenewo atayidwe m'chimbudzi, osati musinki. Poipatsa mugwiritse ntchito chopanira chachitali, ndipo mbewa yomwe njoka yakana itayidwe, isabwerere mufiriza. Pomaliza sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 ndipo pukutani malo onse ndi madzi a klorini.

Makolo omwe ana awo amakacheza kunyumba za anzawo ali ndi ufulu wofunsa ngati kuli ziweto zotere, monga mmene angafunsire za galu woluma.

Phunziro kwa alangizi ndi odzipereka pa zaumoyo

M'midzi mwathu mulibe ball python, koma njira yomwe tizilombo timadutsa ndi yomweyo. Anapiye, abakha, nkhunda ndi akamba amanyamulanso Salmonella, ndipo ana amasewera pabwalo lomwe nkhuku zimachitapo chimbudzi. Nyengo yokumba mbewa ikafika, ana ndi omwe amazigwira ndi kuzitumbula. Mbewa yowiritsa ndi kuwamba bwino imakhala itaphedwa tizilombo ndi moto. Ngozi ili m'manja, pampeni ndi m'mbale zomwe zakhudza mbewa yaiwisi, ndiponso pa mbewa zotola zitafa kale pafupi ndi pomwe pathiridwa tameki kapena mankhwala ena a makoswe.

Mukapeza mwana wotsekula m'mimba, yambani Thanzi ORS nthawi yomweyo, mupatseni zinc kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo apitirize kuyamwa ndi kudya. Musamugulire mankhwala opha mabakiteriya pagolosale, chifukwa kutsekula kwambiri sikuwafuna ndipo kumwa mwachisawawa ndi komwe kwachititsa kuti Salmonella ya kuno isamamve mankhwala angapo akale. Mutumizeni kuchipatala msanga ngati chimbudzi chili ndi magazi, akusanza chilichonse, akulephera kuyamwa kapena kumwa, maso alowa m'kati, wafooka kwambiri kapena wakomoka, ndiponso khanda lililonse losakwana miyezi iwiri lomwe latentha thupi.

Pa mafunso omwe mumafunsa kale okhudza madzi, chimbudzi ndi chakudya, onjezerani limodzi: kodi mwanayu kapena womusamalira wagwira nyama yanji sabata ino, yamoyo kapena yakufa? Lembani yankholo pa kalata yotumizira wodwala kuchipatala. Ana awiri kapena atatu a m'mudzi umodzi akapereka yankho lofanana, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu tsiku lomwelo.